Inu oweta nkhuku zoyera, tamverani kuno

Ana inu amene mwayamba bizinesi ya mabroila, nkhuku zoyera zanyama zija, zimene mukuchita m'makolamu sizoona ayi. Munthu kugula anapiye nkuwathithikiza m'kachipinda ka malata kopanda ndi windo lomwe, kutentha kwake kwa mu Okutobala konkuno, ndiye zikayamba kufa mukuti aneba akuchitirani nsanje akulodzerani. Walodza ndani? Mwazipha nokha.

Nkhuku yoyerayi musaiyese ngati yachikuda ija imadzifunira yokha chiswe kuseri kwa nyumba. Iyi mbewu yake anachita kuisankha zaka zambirimbiri kuti izikula msanga, pa masabata 6 yafika kale makilo 2, koma vuto lake mnofu umathamanga kusiya mtima ndi miyendo m'mbuyo. Nchifukwa chake mumaziona zikungokhala pansi, zina miyendo kukhota, zina mumadzuka nkupeza zafa chagada koma zonenepa bwinobwino. Komanso nkhuku situluka thukuta, ikatenthedwa imangoyasama kukamwa kupuma mwawefuwefu mapiko atatambasula, mukaona choncho dziwani kuti ikuvutika ndipo ikufuna mphepo ndi madzi ozizira, osati mankhwala. Zikakula zisapitirire 10 pa malo a mita imodzi mulitali ndi mulifupi.

Nanga utuchi womwe mumayala pansi m'kholamo? Mpaka kunyowa kuchita matope ndi zitosi, fungo lake inuyo mukalowa maso kuwawa misozi mbwembwembwe, mumatuluka msanga, koma nkhukuzo zikugona momwemo usana ndi usiku, mapazi zilonda, pachifuwa nthenga kuthothoka. Chisoni mulibe kodi?

Chimene chikundiwawa kwambiri ndi cha mankhwala. Katemera wa matenda a chitopa ndi gumboro mumazemba ati ndi odula, koma ma antibayotiki, mankhwala opha tizilombo aja, mukungothira m'madzi tsiku ndi tsiku osafunsa alangizi a ziweto, ena mpaka makapusozi a anthu. Papaketi amalemba masiku oti mudikire musanaphe nkhuku yomwe yamwa mankhwala, inu lero mwamwetsa mawa ili pa chiwaya. Tizilombo tikazolowera mankhwalawo, tsiku lomwe mwana adzadwale kuchipatala adzampatsa mankhwala nkukana kugwira, ndipo akudya nyamayo ndi ana athu omwewa, anu omwe.

Ndipo inu onyamula panjinga, lekani kuzimangirira miyendo mitu ili pansi dzuwa lili pamutu kuchoka kumudzi mpaka kumsika. Gulani dengu, nyamukani m'mamawa kusanatenthe, mukafika zipatseni madzi.