Maso anali bwino, koma za kumanzere sankazilabadira

A mtolankhani, mwanena kuti munthu akadwala sitiroko kapena kuvulala m'mutu, chachikulu n'kuona ngati mkono ndi mwendo zikugwira ntchito. Pali china chimene mwasiya.

Bambo anga anadwala sitiroko chaka chatha kwathu ku Ngabu. Atatuluka m'chipatala ankayenda ndithu, koma nsima ankadya ya kumanja kwa mbale yokha, n'kumadandaula kuti sanakhute. Ndevu ankameta tsaya limodzi. Polowa m'nyumba, phewa la kumanzere linkagunda khoma. Ife tinkati ndi maso, ena pamudzi ankati alodzedwa. Dokotala wa mafizo ku Blantyre ndiye anatifotokozera kuti ubongo ukavulala, makamaka mbali ya kumanja, munthu amatha kusiya kulabadira zonse za kumanzere, ndipo mwiniwakeyo sadziwa kuti pali chimene chikumudutsa. Chimandipweteka mpaka lero kuti tinkawakalipira.

Kuyeza kwake sikulira makina. Anawapatsa pepala kuti ajambule wotchi, manambala onse 12 anawapanikiza mbali imodzi. Atawauza kuti adule mzere pakati, anadula chakumanja. Kunyumba tinkamwaza nyemba pamphasa kuti atole, zotsala zinkakhala za kumanzere nthawi zonse. Bwanji izi osachitika m'zipatala zathu za ku Chikwawa ndi Nsanje odwala asanatulutsidwe?

Inu achibale a anyamata a kabaza ku Nchalo ndi Bangula, wovulala m'mutu asakwerenso njinga asanayezedwe zimenezi. Galimoto yotulukira kumanzere angathe osaizindikira.