Hoodia: South Africa inathamangira msika, Namibia inagwira za zilolezo

Hoodia gordonii ndi chomera cha minga chokhala ndi nthambi zonenepa zosunga madzi. Chimamera pa mchenga ndi pa miyala kummwera kwa Namibia komanso ku Northern Cape ku South Africa. Anthu a mtundu wa San ankatafuna nthambi zake popita ku ulenje kuti njala ndi ludzu zisawasautse, ngakhale ndi zowawa zedi.

South Africa inaona ndalama msanga. Bungwe la boma lofufuza za sayansi, CSIR, linapeza m'chomerachi mankhwala ochepetsa chilakolako cha chakudya otchedwa P57, n'kulembetsa umwini wake, kenako n'kupereka chilolezo ku kampani ya ku Britain yotchedwa Phytopharm. A San, eni nzeruyo, sanafunsidwe kanthu. Atadandaula, mu 2003 panakhala mgwirizano wakuti azilandira 6 pa 100 iliyonse ya ndalama zomwe CSIR ingapeze pa malonda. Pa pepala zinali bwino. Koma kampani yaikulu ya zakudya ndi sopo ya Unilever, yomwe inalowa mu ntchitoyi mu 2004, inaisiya mu 2008 itaona kuti mankhwalawo sakuchepetsa thupi monga ankayembekezera, pamene ena mwa omwe anayesedwa ankachita nseru ndipo magazi ankathamanga. Phindu lalikulu lomwe ankayembekezera silinafike.

Namibia inayambira kwina. Kumeneko Hoodia ndi yotetezedwa pansi pa lamulo la 1975 losamalira zachilengedwe, choncho kudula, kulima kapena kugulitsa kunja kumafuna chilolezo cha unduna. Boma linalimbikitsa alimi ang'onoang'ono a m'zigawo za Hardap ndi Karas kuti azidzala okha. Njira iyi ndi yochedwa, koma ndi yomwe ikugwirizana ndi chomeracho, chifukwa Hoodia sikula mwa phuma. Mayiko onsewa, pamodzi ndi Botswana, anagwirizana kuti chomerachi chilowe mu ndandanda wachiwiri wa CITES, pangano la mayiko loyang'anira malonda a zomera ndi nyama zomwe zili pa chiopsezo, kuyambira 2005, pomwe kuba m'tchire kunali kutakula.

Pa kalimidwe palibe malire a dziko. Maluwa a Hoodia amanunkha ngati nyama yowola, ndipo ntchentche ndi zomwe zimanyamula mungu, ndiye musazithire mankhwala nthawi ya maluwa. Zikhokhombe za mbewu zimatuluka ziwiriziwiri. Zikauma zimang'ambika, mbewu n'kuuluzika ndi mphepo chifukwa zili ndi ubweya. Mangani kathumba ka neti pa chikhokhombe chisanapse. Fesani mbewu zatsopano pa mchenga wa mumtsinje, kukwirira pang'ono chabe, ndipo kukakhala kotentha zimamera m'masiku ochepa.

Chomwe chimapha mbande zambiri ndi madzi, osati chilala. Dothi likangokhala lonyowa masiku angapo, mizu imawola, tsinde limafewa kuyambira pansi n'kuda, ndipo pofika poonekera mbewuyo yatha kale. Thirirani pokhapokha mchenga ukauma mpaka pansi, ndipo m'nyengo yozizira chepetsani kwambiri. Mbewu yodwala izuleni pamodzi ndi dothi lake isanapatsire zinzake.

Kukolola kumadikira zaka zitatu kapena kuposa. Dulani nthambi zochepa ndi mpeni woyera, kusiya tsinde ndi mizu kuti ziphukirenso, ndipo bala lisakhudze madzi mpaka litauma. Alimi ambiri a m'mayiko onse awiri omwe anadzala Hoodia pamene mtengo wake pa msika unali wokwera anafika pokolola msika utagwa kale.