Mlendo ayambe wakwera pamwamba asanalowe m'misewu ya mzinda

Pali chizolowezi chimene ndimachiona mwa anthu ambiri opita kukacheza kumzinda wachilendo, ndipo ine sindigwirizana nacho. Munthu akangotula chikwama kumalo ogona, amatulutsa mndandanda wa malo otchuka n'kuyamba kuthamanga nawo, ndipo pobwerera kwawo foni imakhala yodzaza ndi zithunzi, koma mutamufunsa ngati nyanja inali kum'mawa kapena kumadzulo kwa kumene anagona, amangokanda m'mutu. Maganizo anga ndi akuti tsiku loyamba mlendo akwere phiri, chitunda kapena nsanja iliyonse imene ingamuonetse mzinda wonse nthawi imodzi, ndipo nyumba zosungiramo zinthu zakale, matchalitchi ndi misika zibwere pambuyo.

Ndikutero chifukwa mizinda sinangomera paliponse ngati bowa. Anthu anakhazikika pamalopo chifukwa cha doko, mtsinje kapena thanthwe lowateteza kwa adani, ndipo zimenezi sizioneka munthu ali pansi pakati pa nyumba zosanja. Ku Cape Town, munthu akaima pamwamba pa Table Mountain, phiri lotalika mamita oposa 1,000, amaona gombe limene Adatchi anakochezapo zombo zawo m'chaka cha 1652, amaonanso mmene nyumba zapanikizikira pakati pa phiri ndi madzi. Chapatali m'nyanjamo muli kachilumba kathyathyathya ka Robben Island, kumene Nelson Mandela anakhala m'ndende zaka 18. Kachilumbako kamaoneka pafupi zedi, ngati kuti munthu wodziwa kusambira akhoza kuwoloka. Amene wakaona ali pamwambapo, tsiku limene adzakwere boti kupita kumeneko adzamvetsa yekha nkhanza ya malowo, poti akaidi ankaliona phirilo ndi mzindawo tsiku ndi tsiku, koma pakati panali madzi ozizira ndi mafunde amphamvu.

Ku Lisbon nkhaniyi imachita kuoneka ngati yolembedwa pansi. Mlendo akakwera kulinga la São Jorge n'kuyang'ana kunsi, mbali ina amaona timisewu topapatiza ndi tokhotakhota ta dera la Alfama, pamene mbali ina, kudera la Baixa, misewu ndi yowongoka ngati yoyezedwa ndi chingwe. Kusiyanaku kunabwera ndi chivomezi cha pa 1 Novembala 1755, chimene chinagumula pakati pa mzindawo, kenako madzi a m'nyanja ndi moto zinamaliza zotsala. Dera la Baixa analimanganso mwatsopano motsogozedwa ndi Marquês de Pombal, nduna ya mfumu ya dziko la Portugal, pamene Alfama sanawonongeke kwambiri ndipo anasunga maonekedwe ake akale. Wotsogolera alendo akhoza kufotokoza zimenezi kwa ola lathunthu, koma maso amazigwira m'mphindi zochepa.

Sindikunyoza nyumba zosungiramo zinthu zakale ayi, ngakhale kuti zimandimvetsa chisoni kuona khamu la anthu ku Louvre, mumzinda wa Paris, litakweza mafoni m'mwamba kutsogolo kwa chithunzi cha Mona Lisa, chimene kutalika kwake ndi masentimita 77 okha, aliyense akujambula mitu ya anzake. Chimene ndikunena n'chakuti zinthu za m'nyumbazi zimamveka bwino munthu akadziwa kaye nthaka imene zinachokera. Amene anamanga nyumba yosungiramo zinthu za pa chitunda cha makachisi akale cha Acropolis mumzinda wa Athens, imene inatsegulidwa mu 2009, anaiganizira mfundo imeneyi. Chipinda chapamwamba anachizunguliza ndi magalasi, kuti mlendo akamayang'ana miyala yosemasema aziona kachisi wa Parthenon pachitunda pomwepo, pamalo pamene miyalayo inali poyamba.

Ena anena kuti si aliyense ali ndi mawondo okwerera phiri, ndipo akunena zoona. Komabe malo ambiri otere ali ndi njira yosavuta. Pa Table Mountain pakhala pali ngolo zoyenda pa chingwe kuyambira mu 1929, ndipo pa nsanja ya Eiffel ku Paris pali zikepe, choncho agogo ndi ana aang'ono sasiyidwa kumbuyo. Chodetsa nkhawa kwambiri ndi nyengo, imene alendo amaipeputsa poganiza kuti phiri lokhala mumzinda ndi loweta. Mphepo ikakula ku Cape Town ngolo zija zimaima, mtambo umatha kuphimba phiri lonse mwadzidzidzi, ndipo amene anakwera wapansi kudzera njira ya Platteklip Gorge atavala malaya opyapyala amayamba kunjenjemera asakuona ngakhale pamene akuponda. Ku Athens nako, mu Julayi 2023 akuluakulu anatseka Acropolis nthawi ya masana chifukwa cha kutentha koopsa. N'chifukwa chake ndimalimbikitsa kunyamuka mbandakucha, ndi botolo la madzi, nsapato zolimba ndi chovala cha mphepo m'chikwama.

Potsika, ngati miyendo ikulola, mlendo atsike wapansi ndipo asankhe chinthu chimodzi chimene anachiona ali pamwamba, kaya ndi denga lozungulira la tchalitchi, mlatho kapena bwalo lodzaza mitengo, n'kuchilondola popanda kuyang'ana mapu a pafoni. Akasochera pang'ono palibe choopsa, poti akatembenuka adzaliona phiri lija kumbuyo kwake n'kudziwa mbali imene kuli nyanja.