Symmetric group iziyamba ndi timabokosi, osati matanthauzo

Maganizo anga ndi akuti aphunzitsi a masamu amaopseza ophunzira pachabe akamatsegula nkhani ya symmetric group, gulu la njira zonse zosanjira zinthu, ndi matanthauzo ataliatali. Apatseni kaye pensulo ajambule timabokosi.

Taonani. Zinthu zitatu mungazisanje m'njira 6. Nambala ya 3 nayo imagawika patatu: 3 yokha, 2+1, ndi 1+1+1. Kagawidwe kalikonse kajambuleni ngati mizere ya timabokosi, mzere wautali pamwamba. Tsono lembani 1, 2, 3 m'timabokosimo, manambala azikula popita kumanja ndi popita pansi. Chojambula choyamba chimalola njira imodzi, chachiwiri ziwiri, chachitatu imodzi. Nambala iliyonse muichulukitse ndi iyo yomwe, muphatikize: 1+4+1, ndiye 6 uja. Pa zinthu zinayi mupeza 1+9+4+9+1, yomwe ndi 24. Sizinangochitika mwamwayi. Manambala a njira aja, monga 1, 2, 1, ndiwo kukula kwa ma irreducible representation a symmetric group (njira zosagawikanso zolembera gululo ngati ma matrix), ndipo munthu amawapeza ndi manja asanamve n'komwe dzina loopsalo.

Timabokosi timeneti tinabwera ndi Alfred Young mu 1900, munthu amene pambuyo pake anakhala m'busa wa Anglican ku England, masamu osawasiya. Chaka chomwecho Frobenius anawerengera ma character a magulu amenewa, manambala ozindikiritsa representation iliyonse.

Chomwe chimandikomera kwambiri ndi hook length formula ya Frame, Robinson ndi Thrall ya mu 1954, yowerengera njira zodzazira chojambula popanda kuzilemba zonse. Tengani 3+2. M'kabokosi kalikonse werengani iko komwe, tonse ta kumanja kwake ndi tonse ta pansi pake. Mzere wapamwamba ukupatsani 4, 3, 1, wapansi 2, 1. Kuchulukitsa zonse ndi 24. Gawani 120, njira zosanjira zinthu zisanu, ndi 24, yankho 5. Lembani matebulo ake, kutanthauza zojambula zodzazidwa manambala, limodzilimodzi, mupezadi asanu, osaposa. Ndani angaone zimenezi osafunsa chifukwa chake?

Ndipo timabokosi tomweti ndito timabala ma Schur polynomial. Mungolola nambala kubwerezedwa mumzere wopingasa. Pa 2+1, pogwiritsa ntchito 1 ndi 2 basi, matebulo ndi awiri, ndipo mukaika x pa 1 ndi y pa 2, n'kuchulukitsa za m'tebulo lililonse kenako n'kuphatikiza, mupeza x²y + xy². Sinthanitsani x ndi y, palibe chosintha, chonsecho lamulo lolembera lija silinaone 1 ndi 2 mofanana.

Ena anena kuti zimenezi ndi zoseweretsa, umboni weniweni umafuna algebra. Zoona, umafunadi, koma ubwere wophunzira atayamba kale kudabwa.

Komanso asamabisidwe kuti timabokosi sitinathetse zonse. Kuchulukitsa ma Schur polynomial awiri kuli ndi lamulo la Littlewood ndi Richardson la mu 1934, lowerenga matebulo. Koma ma Kronecker coefficient, manambala otuluka pochulukitsa ma character awiri a symmetric group, amene Murnaghan anawafufuza mu 1938, mpaka pano alibe lamulo lotere logwira paliponse. Wophunzira wa chaka chachitatu ku yunivesite angathe kulimvetsa funsolo, ndipo ndi bwino alimve msanga.