Pansi pa kapinga wa Central Park pali bwinja

Maganizo anga ndi akuti paki ya mumzinda tisamaione ngati malo amene analibe mwini chiyambire, chifukwa nthawi zina pansi pa kapinga wosamalidwa bwino pamakhala bwinja la anthu amene anasamutsidwa mokakamiza, ndipo oyang'anira mapaki ali ndi udindo wofukula mbiri yotere ndi kuiika poyera.

M'chigawo chakumadzulo cha paki ya Central Park, mumzinda wa New York, pakati pa misewu ya 82 ndi 89, panali mudzi wotchedwa Seneca Village. Mudziwu unayamba mu 1825, pamene Andrew Williams, munthu wakuda amene ankapolisha nsapato, anagula mapoloti atatu pa mtengo wa madola 125. Pofika mu 1855 munali anthu pafupifupi 225, ambiri mwa iwo akuda ndipo ena ochokera ku Ireland, komanso matchalitchi atatu, sukulu ndi manda. Kwa munthu wakuda malo sanali pogona chabe, pakuti lamulo la 1821 linkafuna kuti akhale ndi malo okwana madola 250 kuti aloledwe kuponya voti, pomwe mzungu sankafunsidwa zimenezo. Mu 1857 boma la mzinda linachotsa anthu onse m'mudzimo kuti pamangidwe paki. Eni malo analandira chipukuta misozi, ngakhale ena anadandaula kuti chinali chochepa, ndipo mudzi wonse unabalalika.

Chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti nyuzipepala za nthawiyo zinkawanena anthuwa kuti ndi olowerera malo a eni, okhala m'zisakasa, ndipo mbiri yonyoza imeneyi ndi imene inatsala m'mitu ya anthu kwa zaka zoposa 100. Mu 2011 akatswiri ofukula zinthu zakale, kuphatikizapo Nan Rothschild ndi Diana Wall, anakumba pamalopo atayamba afufuza pansi ndi makina a radar. Anapeza maziko a nyumba ya William Godfrey Wilson, amene ankasamalira tchalitchi cha All Angels', pamodzi ndi ketulo yachitsulo, zidutswa za mbale zadothi zochokera ku China, chigwiriro cha mswachi chopangidwa ndi fupa komanso nsapato ya mwana. Zinthu zimenezi n'zazing'ono, koma zikuonetsa banja lokhazikika, lokhala m'nyumba ya maziko amiyala, limene linkagula katundu wabwino monga mabanja ena a mumzindawo. Wolemba nkhani akhoza kunama chifukwa cha tsankho kapena pofuna kusangalatsa akuluakulu, koma mbale yosweka yokwiririka m'dothi ilibe woti imukondere.

Alipo amene amati kukumba kumawononga udzu ndi mizu ya mitengo ndiponso kumadya ndalama. Nkhawa imeneyi ndi yomveka, ndipo inenso sindingavomere kuti manda asokonezedwe pofuna kukhutiritsa chidwi cha ophunzira. Komabe ofukula amakumba timaenje tochepa pamalo osankhidwa, n'kukwiriranso akamaliza, pomwe makina olemera okonzera misewu ndi mipope ya madzi m'paki amasakaniza dothi moti chimene chinali m'munsi sichidziwikanso kuti chinali cha nyengo iti. N'chifukwa chake kafukufuku ayenera kutsogola ntchito iliyonse yokonzanso paki isanayambe.

Chikwangwani chofotokoza za Seneca Village chinaikidwa m'pakimo mu 2001, patadutsa zaka 144 chichotsere anthuwo, zikwangwani zina n'kudzawonjezedwa mu 2019, ndipo kwa ine kuchedwa kotere n'kochititsa manyazi.