Mafupa a Triceratops asamagulitsidwe pa okushoni

Anzanga, mu Okutobala 2021 ku Paris, m'nyumba ya okushoni ya Drouot, anthu olemera anapikisana pogula mafupa a chinyama chimene chinafa zaka pafupifupi 66 miliyoni zapitazo. Nyundo itagunda, mtengo unali ma euro 6.6 miliyoni pamodzi ndi ndalama za ogulitsa. Chinyamacho ndi Triceratops, dinosaur wa nyanga zitatu uja, ndipo ameneyu anamupatsa dzina loti Big John. Ine malonda otere sindigwirizana nawo. Ndikatero ambiri amandiyankha kuti, "Ndalama n'zake, mafupa anakumbidwa pamalo a mwini wake, walakwira ndani?" Funsolo n'labwino ndithu, koma yankho lake lili m'mafupa momwemo.

Kwa amene simumudziwa bwino, Triceratops ankakhala kumadzulo kwa North America kumapeto kwenikweni kwa nyengo ya Cretaceous, zaka 68 mpaka 66 miliyoni zapitazo. Anali m'gulu la ma dinosaur omaliza chimwala cha kuthambo chisanagwe kumene lero kuli Mexico. Kutalika kwake kunkafika mamita 8 kapena 9, ndipo ankalemera matani oposa 6. Mutu wokha unkapitirira mamita awiri. Pamwamba pa diso lililonse panali nyanga yofika mita imodzi, pamphuno panali ina yaifupi, ndipo kumbuyo kwa mutu kunali chifupa chotambalala ngati lichero chophimba khosi. Sankadya nyama. Ankabudula zomera ndi mlomo wolimba wopanda mano, n'kumazidula ndi mano a m'mbali amene anali osanjikizana, atatu mpaka asanu pamzere umodzi, lapamwamba likatha lapansi n'kukwera. M'kamwa monse munkatha kukhala mano okwana 800.

Zimenezi aliyense angaziwerenge. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti zinadziwika movutikira, ndipo poyamba akatswiri ankasokera. Mu 1887 pafupi ndi Denver ku Colorado panapezeka nyanga ziwiri, n'kuzitumiza kwa Othniel Charles Marsh wa pa yunivesite ya Yale. Bamboyu anali katswiri wotchuka zedi, koma anaziyang'ana n'kunena kuti ndi za njati yakale ya ku America, mpaka anaitcha Bison alticornis. Anali ndi nyanga zokha, ndiye akanatani? Zinthu zinasintha pamene John Bell Hatcher, amene ankamukumbira mafupa, anayamba kutumiza zigaza kuchokera ku Wyoming. Mu 1889 Marsh anatchula dzina loti Triceratops. Hatcher anapitiriza kukumba zigaza zambirimbiri, kuzikoka ndi mahatchi pangolo mpaka kukafika ku njanji, ndipo zambiri mwa izo zikusungidwabe ku Yale ndi ku Washington, kumene wophunzira aliyense angapemphe kuti akaziyeze.

Apa mpamene pali mfundo yanga. Oikira kumbuyo okushoni amati Triceratops ndi wambiri, kugulitsa mmodzi sikupweteka aliyense. N'zoona kuti ndi wambiri. Pa kalembera amene katswiri wa mafupa akale Jack Horner ndi anzake anafalitsa mu 2011 wa mafupa opezeka m'miyala ya Hell Creek ku Montana, ma dinosaur 40 pa 100 alionse anali Triceratops. Koma kuchulukako n'kumene kumamupatsa phindu pa sayansi. Ma dinosaur ambiri timawadziwa ndi chigaza chimodzi kapena mafupa ochepa, ndiye sitingadziwe kuti mwana wake ankaoneka bwanji, kapena mtunduwo unkasintha motani pakupita kwa nthawi. Kwa Triceratops mafunso amenewa amayankhika, bola zigazazo zikhale poti anthu angathe kuziika pamodzi n'kuzifananitsa.

Taonani zimene zinatuluka atazifananitsa. Mu 2006 Horner ndi Mark Goodwin anandanda zigaza kuyambira kakhanda mpaka nkhalamba. Anapeza kuti kakhanda kali ndi tinyanga tating'ono, kakamakula nyangazo zimapindikira kumbuyo, kenako pofika pa msinkhu zimatembenuka n'kuloza kutsogolo. Timafupa tosongoka ta m'mphepete mwa chifupa cha pakhosi chija timaphwa pang'onopang'ono mpaka kumatirira. Munthu wokhala ndi chigaza chimodzi cha mwana ndi china cha wamkulu akhoza kulumbira kuti ndi nyama ziwiri zosiyana, ndipo kale zinkachitikadi: panali nthawi imene mitundu ya Triceratops inkawerengedwa yoposa 10, lero yatsala iwiri, horridus ndi prorsus.

Nkhani ya mitundu iwiriyi ndi imene imandisangalatsa koposa. Mu 2014 John Scannella ndi anzake anatenga zigaza zoposa 50 zimene zinalembedwa bwino malo ake enieni, osati dera lokha, koma kuti chinali pa mlingo uti wa thanthwe kuchokera pansi. Zigaza za m'munsi, zimene ndi zakale kwambiri, zinali ndi mlomo wautali ndi kanyanga kakang'ono pamphuno. Za pamwamba zinali ndi mlomo waufupi ndi nyanga yapamphuno yaitali. Za pakati zinali ndi zizindikiro za mbali zonse ziwiri. Ndiye kuti munthu akamakwera chitunda cha Hell Creek amaona nyama ikusintha maonekedwe m'zaka pakati pa miliyoni imodzi ndi ziwiri. Chimene chinapangitsa kuti zimenezi zioneke si kukongola kwa zigazazo. Zina zinali zophwanyikaphwanyika, zoti wa okushoni sangaziyang'ane n'komwe. Chinagwira ntchito ndi kabuku ka wokumba, momwe analemba kuti fupa ili linali apa, mamita akuti kuchokera pa mzere wa malasha. Wogula wofuna chokongoletsera pabalaza salipirira kabuku kameneko, ndipo msika umatsata zimene wogula akufuna.

Palinso mkangano wa Torosaurus, dinosaur wina wa nyanga amene chifupa chake cha pakhosi n'chachitali ndipo chili ndi mabowo awiri akuluakulu. Mu 2010 Scannella ndi Horner ananena kuti ameneyu ndi Triceratops wokalamba basi. Nicholas Longrich ndi Daniel Field anatsutsa mu 2012, ponena kuti alipo ma Torosaurus amene anali asanakhwime. Mkanganowu ungathe pokhapokha patapezeka zigaza zina za msinkhu wa pakati. Ndani akudziwa ngati chigaza chofunikacho sichili kale m'nyumba ya munthu wina, pafupi ndi shelefu ya mowa?

Tibwerere kwa Big John. Anamupeza mu 2014 ku South Dakota, n'kukamulumikiza ku Trieste ku Italy. Pachifupa chake cha pakhosi pali bowo. Madokotala ndi asayansi a ku Italy, motsogozedwa ndi Ruggero D'Anastasio, anayeza m'mphepete mwa bowolo ndipo mu 2022 anafalitsa zoti fupalo linali litayamba kupola, kusonyeza kuti nyamayo inakhalabe ndi moyo kwa miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposa italasidwa. Kukula kwa bowolo kukugwirizana ndi nyanga ya Triceratops mnzake. Izi zikufanana ndi zimene Andrew Farke ndi anzake anapeza mu 2009, kuti zigaza za Triceratops zimakhala ndi zipsera pamalo amene nyanga zingalase nyama ziwiri zikakolana mitu. Tinazolowera zithunzi za Triceratops akulimbana ndi Tyrannosaurus, ndipo alipodi mafupa okhala ndi zizindikiro za mano a chilombocho, koma zikuoneka kuti nyangazo zinkagwiranso ntchito pa ndewu za okhaokha. Tsono funso n'lakuti, katswiri wina akafuna kuyezanso bowolo zaka 30 zikubwerazi ndi makina atsopano, adzapempha kwa ndani? Sayansi imayenda ndi kubwereza. N'chifukwa chake bungwe la akatswiri a mafupa akale la Society of Vertebrate Paleontology limalimbikira kuti mafupa ofufuzidwa azikhala m'nyumba zosungiramo zakale za anthu onse, osati m'manja mwa munthu mmodzi.

Ndisabise, wogula Big John sanamutsekere. Anamubwereketsa ku Glazer Children's Museum ku Tampa, Florida, ndipo mu 2023 ana anayamba kumuona. Ndi bwino zimenezo, ndikuyamikira. Koma chobwereka chimabwerera kwa mwini wake. Mawa bizinesi ikavuta, kapena ana ake akamadzagawana chuma, mafupawo adzabwereranso pansi pa nyundo. Ubwino wa munthu mmodzi si lamulo.

Mfundo yamphamvu ya otsutsana nane ndi ya mvula ndi chisanu. Ku Montana ndi ku Dakota fupa likangoonekera pamtunda, nyengo imaliphwanya m'zaka zochepa, ndipo asayansi a m'mayunivesite ndi ochepa, sangayende dera lonselo. Okumba a malonda amapulumutsa mafupa amene akanasanduka fumbi. Ena mwa iwo ndi aluso kwambiri ndipo amalemba zonse mosamala. Eni mafamu a ng'ombe nawonso moyo wawo si wophweka, ndiye fupa likapezeka pamalo awo n'chifukwa chiyani asapezepo kanthu? Ndikuvomereza zonsezi. Sindikunena kuti wokumba azigwira ntchito yaulere. Hatcher yemwe ankalipidwa. Vuto langa ndi okushoni, kumene mtengo umakwera malinga ndi matumba a anthu awiri opikisana. Mu 1997 Tyrannosaurus wotchedwa Sue anagulidwa madola 8.36 miliyoni, ndipo Field Museum ya ku Chicago inakwanitsa chifukwa makampani anaithandiza. Mu 2020 Tyrannosaurus wina wotchedwa Stan anapita pa madola 31.8 miliyoni. Mu 2024 Stegosaurus wotchedwa Apex anafika madola 44.6 miliyoni. Ndi miyuziyamu ingati ingalowe mu mpikisano wotere? Ndipo mwini famu akamva mitengo imeneyi, pulofesa wobwera ndi ophunzira ake ndi mahema kudzapempha kukumba ulere amupatsanso mpata?

Njira ina ilipo. Melbourne Museum ya ku Australia inagula Triceratops wotchedwa Horridus, wopezeka ku Montana, pa madola a ku Australia 3 miliyoni. Ali ndi mafupa 266, pafupifupi 85 pa 100 a thupi lonse, kuposa Big John amene ali ndi pafupifupi 60 pa 100. Wokumba analandira zake, anthu akumuona kuyambira 2022, ndipo ofufuza akhoza kumuyeza nthawi ina iliyonse. Ku Alberta ku Canada, kumene kumapezeka abale ake a Triceratops monga Centrosaurus ndi Styracosaurus, lamulo limati mafupa otere ndi a boma la chigawocho, kukumba kumafuna chilolezo, ndipo sungangowatulutsa kunja kukagulitsa. Ku United States malo a boma amatetezedwa, koma chopezeka pamalo a munthu n'chake, achite nacho chimene akufuna.

Wina afunsa kuti ife zikutikhudza pati, poti Triceratops kuno kunalibe. Kunalibedi, koma ku Karonga kuli miyala ya nyengo ya Cretaceous imene inatulutsa Malawisaurus ndi Karongasaurus, ndipo Mmalawi mnzathu Elizabeth Gomani ndi amene anafotokoza zambiri za mafupa amenewa. Mitengo ikamakwera ku Paris ndi ku New York, ofuna mafupa amayang'ana kumene chitetezo n'chofooka. Mongolia inachita kumenya nkhondo m'makhoti kuti Tarbosaurus, mbale wa Tyrannosaurus, amene anagulitsidwa ku New York mu 2012 abwerere kwawo mu 2013.

Amene akukayikabe aone nkhani ya mafupa otchedwa Dueling Dinosaurs, Triceratops ndi chilombo cha mtundu wa tyrannosaur zokwiririka pamodzi, zimene zinapezeka pafamu ina ku Montana mu 2006. Mu 2013 anazitengera ku okushoni ku New York koma mtengo sunafike pamene eni ake ankafuna. Kenako panabuka mlandu wautali wokangana kuti mafupa ndi a mwini nthaka yapamwamba kapena a mwini miyala yapansi. Zaka zonsezo mafupawo anali m'mabokosi, osafufuzidwa mokwanira. Mu 2020 North Carolina Museum of Natural Sciences inalengeza kuti yawapeza, mu 2024 anthu anayamba kuwaona, ndipo mu 2025 Lindsay Zanno ndi James Napoli anafalitsa umboni woti chilombocho si mwana wa Tyrannosaurus rex ayi, koma nyama yokhwima ya mtundu wina, Nanotyrannus. Akatswiri anakhala akukangana za Nanotyrannus kuyambira 1988. Triceratops wa m'thanthwe lomwelo akumusendabe pang'onopang'ono mu labotale ya miyuziyamuyo ku Raleigh, imene alendo amaloledwa kulowamo n'kufunsa mafunso ogwira ntchitoyo.