Tyree Wilson sanafike poti tizimutchula wolephera

Pakati pa anthu amene timatsatira mpira wa ku America wa mu ligi ya NFL, dzina la Tyree Wilson limatchulidwa monyoza, ndipo ambiri anagamula kale kuti timu ya Las Vegas Raiders inataya mwayi wake pachabe pamene inamusankha pa nambala 7 pa draft ya mu Epulo 2023, mwambo wa pachaka umene matimu amasankhirapo osewera atsopano mosinthanasinthana. Ine chigamulo chimenechi sindikugwirizana nacho. Ndikuvomereza kuti zimene mnyamatayu anaonetsa m'nyengo zake ziwiri zoyambirira, za 2023 ndi 2024, n'zochepa kwambiri tikaganizira malo apamwamba amene anasankhidwira, koma kusankhidwa pa nambala imene sinali yomuyenera ndi mlandu wa akuluakulu amene anamusankha, pomwe kulephera mpira ndi nkhani ina imene umboni wake sunakwane.

Ntchito ya Wilson ndi yothamangitsa quarterback, wosewera amene amaponya mpira ndi kutsogolera timu ikamafuna kugoletsa. Iye amaima kumapeto kwa mzere wa oteteza, moyang'anizana ndi chimphona cholemera makilogalamu pafupifupi 140 chimene chinalembedwa ntchito yotchingira quarterback, ndipo mpira ukangoyamba amakhala ndi masekondi osakwana atatu kuti achidutse ndi kukagwetsa woponyayo mpira usanachoke m'manja mwake. Akatero ndiye kuti wapeza sack. Wilson anapeza ma sack 3.5 mu 2023 ndi 4.5 mu 2024, ndipo theka limabwera pamene osewera awiri agwetsa munthu mothandizana. Will Anderson, amene timu ya Houston inamusankha pa nambala 3 chaka chomwecho, anapeza 7 kenako 11. Maxx Crosby, amene ankasewera mbali ina ya mzere womwewo wa Raiders, anapeza 14.5 mu 2023 yekha. Munthu wokonda Raiders akaona ziwerengerozi ali ndi chifukwa chokwiyira, makamaka akakumbukira kuti katswiri wina woteteza, Jalen Carter, anali asanatengedwe pa nthawiyo ndipo anapita ku Philadelphia pa nambala 9.

Komabe tiyenera kuyamba ndi phazi la Wilson. Mu Novembala 2022, akusewerera yunivesite ya Texas Tech, Wilson anathyoka fupa la phazi ndipo anachitidwa opaleshoni, kenako anabwereranso kwa madokotala draft itatsala pang'ono. Sanathamange nawo pa mayeso amene matimu amayezera liwiro ndi mphamvu za anyamata ofuna kulowa mu ligi, ndipo anayamba kuchita zokonzekera pamodzi ndi anzake mu Ogasiti, mpikisano utangotsala milungu yochepa kuti uyambe. Akuluakulu a Raiders ankadziwa zonsezi pomusankha. Zinkaoneka kuti cholinga chawo chinali chakuti aziphunzira pang'onopang'ono kumbuyo kwa Crosby ndi katswiri wachikulire Chandler Jones, koma Jones sanasewere ngakhale masewero amodzi chaka chimenecho ndipo timu inamuchotsa kumapeto kwa Sepitembala. Mnyamata amene anali atakhala miyezi yambiri osaponda bwino pansi anaponyedwa m'bwalo nthawi yake isanakwane.

Aliyense amene anaonetsetsa masewero ake oyambirira a mu 2023 anaona vuto lenileni. Mpira ukangochoka pansi, Crosby amakhala ataponya kale phazi loyamba, thupi lili chowerama, manja akufunafuna pogwira. Wilson ankachedwa ndi kamphindi kochepa, ndipo m'malo mothamanga chowerama ankadzuka chilili, chifuwa chonse chili poyera. Womutchingayo ankangomuika manja pachifuwa n'kumuimitsa pamalo amodzi, quarterback n'kuponya mpira mosatekeseka. Munthu wamtali pafupifupi mamita awiri, wolemera makilogalamu oposa 120, wa mikono yaitali kuposa ya anzake ambiri, akachedwa kunyamuka ndiye kuti utali wakewo wasanduka mtolo. Ku koleji ankatha kukankha anthu ndi mphamvu zokha, ndipo n'chifukwa chake anapeza ma sack 7 mu 2021 ndi enanso 7 mu 2022, koma mu NFL aliyense ndi wamphamvu, moti amene alibe njira yachiwiri yogwiritsira ntchito manja njira yoyamba ikakanika sapita patali.

Chimene chimandilimbitsa mtima n'chakuti zofooka zimenezi n'zophunzitsika. Palibe mphunzitsi amene angatalikitse mikono ya munthu, koma kunyamuka msanga, kuwerama ndi kuchotsa manja a mdani pachifuwa ndi luso limene limabwera ndi kubwerezabwereza, ndiponso ndi kukhulupirira kuti phazi limene linathyoka silikugwiritsa mwala. Kumapeto kwa nyengo ya 2023 aphunzitsi anayamba kumuika nthawi zina mkati mwa mzere, kumene amalimbana ndi anthu ofupikirapo, ndipo kumeneko mikono yake inayamba kuoneka phindu lake. Mu 2024 anali bwinoko kuposa chaka choyamba. Sikunali kudumpha kwakukulu, koma kunali kupita kutsogolo.

Tisaiwalenso nyumba imene analowamo. Mphunzitsi wamkulu Josh McDaniels ndi mkulu wosankha osewera Dave Ziegler, amene anamubweretsa, anachotsedwa ntchito nyengo yake yoyamba ili pakati. Antonio Pierce anatenga udindowo n'kuchotsedwanso mu Januwale 2025, kenako kunabwera Pete Carroll. Timu imene ikugonja kawirikawiri, monga mmene Raiders inachitira mu 2024 pamene inapambana masewero 4 okha mwa 17, imapereka mpata wochepa kwa othamangitsa quarterback, chifukwa adani akakhala patsogolo amangothamanga ndi mpira pansi kuti nthawi ithe, ndipo saona chifukwa choponyera m'mwamba.

Mbiri ya ligiyi ili ndi anthu amene anatchulidwa olephera msanga kenako n'kutseka pakamwa onse owanyoza, ndipo amene ndimamukumbukira kwambiri ndi Brandon Graham. Philadelphia Eagles inamusankha pa nambala 13 mu 2010, iye n'kuvulala bondo kwambiri chaka chomwecho, ndipo kwa zaka zingapo otsatira timuyi ankamukumbutsa kuti akatswiri Earl Thomas ndi Jason Pierre-Paul anatengedwa pambuyo pake. Pa 4 Febuluwale 2018, ku Minneapolis, mu Super Bowl, masewero omaliza olimbirana chikho cha ligiyi, polimbana ndi New England Patriots, kutatsala mphindi ziwiri ndi masekondi ochepa Eagles ikutsogola 38 kwa 33, Graham anaima mkati mwa mzere, anadutsa womutchinga n'kumenya mpira m'dzanja la Tom Brady, quarterback wa Patriots, mnzake wa Graham, Derek Barnett, n'kuutola. Timuyi inatenga chikho chake choyamba cha Super Bowl usiku umenewo, ndipo Graham anaisewerera nyengo 15 asanalengeze zopuma mu 2025. Jerry Hughes anapeza ma sack 5 okha m'zaka zitatu ku Indianapolis, koma atasinthidwira ku Buffalo mu 2013 anapeza 10 chaka chomwecho. Haason Reddick anakhala zaka zitatu ku Arizona akuseweretsedwa malo osamuyenera, ndipo atamubwezera kumapeto kwa mzere mu 2020 anapeza 12.5. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pa malo amenewa a m'bwalo kudekhako kwapindulira matimu kangapo.

Ndingakhale wosaona mtima nditabisa kuti palinso amene kudikira sikunawathandize. Vernon Gholston anasankhidwa ndi New York Jets pa nambala 6 mu 2008 chifukwa cha thupi lake lochititsa chidwi, ndipo anachoka patatha zaka zitatu asanapeze sack ngakhale imodzi. Raiders yomweyi inasankha Clelin Ferrell pa nambala 4 mu 2019, ndipo m'zaka zinayi anangopeza ma sack 10, chiwerengero chimene Crosby, wosankhidwa m'gawo lachinayi la draft yomweyo, anachifika m'chaka chake choyamba. Ndikuganiza kuti bala la Ferrell ndi limene likuchititsa otsatira Raiders kufulumira kuweruza Wilson, popeza akuopa kuti nkhani yakale ija yabweranso. Koma Gholston sankafika n'komwe pafupi ndi quarterback, ndipo Ferrell analowa mu ligi ali wokhwima kale, wopanda mbali yaikulu yoti n'kukula nayo. Wilson analowa ali wosapsa ndiponso wovulala, ndipo aliyense amene ankamuyamikira draft isanachitike ankanena poyera kuti afunika nthawi.

Ngati pali wofunika kufunsidwa mafunso, ndi amene anagwiritsa ntchito nambala 7 pa munthu wofunika zaka zoti aphunzire, pomwe timu inkafuna wothandiza nthawi yomweyo. Wosewera sadzisankhira nambala, ndipo n'zosayenera kuti aziruza tsiku ndi tsiku chifukwa cha chiyembekezo chimene ena anamusenzetsa.

Malamulo a ligi amapatsa wosankhidwa m'gawo loyamba mgwirizano wa zaka zinayi, ndipo nyengo yachitatu ikatha timu imayenera kunena ngati ikufuna kuwonjezera chaka chachisanu pa malipiro okwera. Pamenepo ndi pamene ndikuona kuti chigamulo chingakhale chachilungamo. Chimene ndidzayang'ane si chiwerengero cha ma sack chokha, chifukwa ena amabwera mwamwayi pamene mnzako wathamangitsira quarterback m'manja mwako. Ndidzayang'ana ngati Wilson akunyamuka msanga mofanana ndi Crosby, ngati ali ndi njira yachiwiri womutchinga akamugwira pachifuwa, ndiponso ngati aphunzitsi akumusiya m'bwalo pa mphindi zimene aliyense akudziwa kuti mdani aponya mpira. Zitatuzi zikadzasowabe phazi lili bwino, ndidzagwirizana ndi amene akumutsutsa lero.